Pepala Lachitatu

Kalata ya ku khoti la apilo inafika Lachiwiri masana, ndipo dzuwa lisanapendeke ndende yonse inali itamva kuti apilo ya Osvaldo Tejeda yafa. Sanaiphe oweruza ayi. Malinga ndi kalatayo, anaipha mwini wake.

Lucius Pettway anaiwerenga ali chiimire pakati pa laibulale ya malamulo, magalasi ali pansonga ya mphuno. Tonse tinkamutcha Jaji. Kunja anali dalaivala wa malole, ndipo khoti lokhalo limene analowamo ndi lomwe linamupatsa zaka makumi awiri ndi zisanu. Koma atakhala nthawi yaitali m'ndende ya boma lalikulu ya m'mapiri a Kentucky, anameza mabuku onse a m'chipindamo mpaka ankawadziwa ndi fungo. Milandu imene ankalembera anthu inkabwerera ndi yankho limodzimodzi: pempho lakanidwa. Wa Osvaldo wokha ndiwo unali utaphukira. Khoti laling'ono linali litakana dandaulo lake loti loya wake woyamba sanaitane mboni yomwe ikanamupulumutsa, koma khoti la apilo linavomera kuimva nkhaniyo. Zoterozo muno zimachitika kamodzi pa zaka zingapo, ndipo tsiku limenelo anthu anamenya zitseko ngati kwabadwa mwana.

"Werenganinso, Jaji," anatero Osvaldo. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo Chingerezi cha pa pepala chinkamuvuta. "Pang'onopang'ono."

"Akuti apilo yathetsedwa chifukwa mwini wake wapempha yekha. Aikamonso kope la kalata yomwe akuti unalemba."

"Ine? Chilango cha zaka makumi atatu, ine n'kunena kuti basi ndakhuta? Ndapenga?"

"Nanga siginecha iyi ndi ya ndani?"

Osvaldo analanda pepalalo n'kuliyandikitsa kumaso.

"Ndi yanga. Koma mawuwa si anga. Pali mayi anga kumanda, si anga!"

"Khala pansi. Khoti limapereka masiku khumi ndi anayi oti munthu adandaule. Khumi ndi limodzi athera m'njira. Tikapanda kupereka yankho pa zenera la makalata pofika Lachisanu m'mawa, chitseko chatsekeka, ndipo sichidzatsekukanso."

Jaji ankalankhula modekha, koma maganizo anali kwina. Anali atakumbukira chinthu. Kuchiyambi kwa Malichi, Osvaldo atatsala pang'ono kupita ku chipatala cha kunja kukachitidwa opaleshoni, Jaji anamusainitsa mapepala atatu opanda kanthu, siginecha pansi penipeni. Onse olemba milandu muno amatero, chifukwa khoti silidikira kuti munthu achire. Lamulo limaletsa, koma tsiku lomaliza likakupitirira lamulolo silikulirira. Awiri anawagwiritsa ntchito. Lachitatu analisunga m'fayilo ya Osvaldo, m'kabati ya pansi pa tebulo lake.

Anagwada, natsekula kabatiyo. Anavundukula fayiloyo kuyambira kutsogolo, kenako kuyambira kumbuyo. Pepala lachitatu munalibe.

*

Lachitatu m'mawa Jaji anali woyamba pa mzere wa makalata a milandu. Mayi Dunleavy, msilikali woyang'anira zeneralo, anali atagwira ntchitoyo zaka zambiri moti nkhope yawo inali itaiwala kudabwa.

"Pettway. Ulibe envelopu m'manja, ndiye wabwera ndi mavuto."

"Funso limodzi lokha, mayi. M'buku lanu, sabata yachiwiri ya Malichi, muli kalata ya Tejeda yopita ku khoti?"

"Buku langa si nyuzipepala."

"Munthu ataya zaka makumi atatu, mayi."

Anamuyang'ana nthawi yaitali akutafuna chingamu, kenako ananyowetsa chala n'kuyamba kutembenuza masamba.

"Pa seveni palibe. Pa eyiti palibe. Sabata yonse palibe. Ndipo akanabwera bwanji? Kuyambira pa fili mpaka pa thwelofu anali kuchipatala, mwendo atamangirira ku bedi. Mlamu wanga ndi amene ankamulondera, amabwera kunyumba akudandaula za mkonono wake."

"Chidindo cha positi chikuti pa naini."

"Ndiye inadutsa m'bokosi wamba la m'nyumba yanu, lomwe aliyense amaponyamo. Pano munthu amabwera yekha, ndi chiphaso chake, ine n'kulemba. M'bokosi muja ngakhale mphaka akhoza kutumiza kalata." Anatseka bukulo. "Ndikufunse langa? Nambala ya mlandu wa Tejeda, keyala ya khoti, kalembedwe kake. Ndani m'ndende muno amazidziwa zonsezo?"

Jaji anadziwa kuti mayiwo akunena za iye.

"Ndimaganiza choncho. Zenera ndimatseka hafu seveni. Wotsatira!"

Mayi Dunleavy sanali okha oganiza choncho. Pa chakudya cha masana anyamata a pa tebulo la Osvaldo, onse a ku Texas, anasiya nyemba zawo n'kumamuperekeza Jaji ndi maso kuchokera pakhomo mpaka pa mpando wake. Mmodzi anadzuka, nadutsa pafupi ngati akukatunga madzi.

"Akuti mapepala a m'bale wathu mumasunga ndinu, Jaji. Ife tikudikira kumva. Koma sitidziwa kudikira nthawi yaitali."

Jaji anakankhira mbale pambali. Umboni wa kuchipatala unali wabwino, koma wosakwanira. Loya wa boma akanangonena kuti Tejeda anasaina asanapite n'kusiyira mnzake kuti atumize, ndipo tsopano wasintha maganizo. Siginecha inali yeniyeni. Khoti likanafuna dzanja lomwe linataipa mawuwo, ndipo likanafunanso kumva kuti siginechayo inapezeka bwanji pa pepala lopanda kanthu. Funso lachiwirilo Jaji ankalidziwa yankho lake, ndipo ankachita nalo manyazi.

*

M'laibulale muli makina otaipira atatu, okalamba ngati eni ake. Ndende imapereka makina okha. Riboni munthu amagula yake ku kantini, amaiika akafuna kutaipa, akamaliza amaichotsa n'kupita nayo. Ndipo riboni zimenezi zimayenda ulendo umodzi: chilembo chilichonse chikamenya, chimasiya chithunzi chake pa kansaluko. Obwera kumene amazitaya m'bini. Akale sataya, chifukwa amadziwa kuti munthu wachidwi akhoza kuifunyulula n'kuwerenga mlandu wako wonse, ndi mayina omwe.

Jaji anatenga pepala losainapo olowa m'laibulale. Kalata ija inali ndi deti ya Loweruka pa seveni Malichi, tsiku limene iye kunalibe, anali ku mzere wa dokotala wa mano. Amene anasainira makina tsiku limenelo anali mmodzi yekha: Cleophus Maddox, wotchedwa Skeet, mnzake wopikisana naye pa ntchito yolemba milandu, munthu woonda wa pakamwa posatseka.

"Ah, a Jaji enieni abwera kudzaphunzira!" anafuula Skeet. "Khalani pansi, mkulu, lero sindilipiritsa. Ndamva kuti kasitomala wanu wadziwombera yekha. Ine anga amaluza, inde, koma amaluza mwaulemu."

"Ndipatse mariboni ako a Malichi."

"Mariboni anga? Mufunanso chiyani, kabudula wamkati?"

"Skeet, amene anasainira makina tsiku limene kalatayi inalembedwa ndiwe wekha. Ukhoza kundionetsa ine, kapena ndikauze anyamata a ku Texas kuti abwere adzaone okha. Iwo sadziwa kuwerenga riboni. Amadziwa zina."

Kuseka kunathera pomwepo. Skeet anapita kuselo kwake n'kubwera ndi sokosi yodzaza mariboni, iliyonse atailemba mwezi ndi msomali. Awiriwo anakabisala kuseri kwa mashelefu, kumene kamera siifika bwino. Jaji anathyola chivindikiro n'kuyamba kukoka kansalu kakuda kaja pang'onopang'ono, akukayang'anitsa pa kuwala kwa zenera. Zilembo zinali zothithikana, zopanda mipata. Anadutsa dandaulo la munthu wofuna nsapato za odwala, kalata ya chikondi yomwe Skeet analembera wina, theka la pempho lonena za masiku ochotsedwa pa chilango. Zala zinada bii. Ola linatha, kansalu kataunjikana pansi ngati matumbo a nkhuku.

Kenako Jaji analeka kukoka.

"Bwera uone."

Skeet anawerama, nawerenga ndi milomo: Ine Osvaldo Tejeda ndikupempha khoti kuti lithetse apilo yanga. Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda shelefu.

"Ayi, ayi, ayi. Mkulu, mundiphetsa! Ine sindinalembe zimenezo. Ndipindulanji? Ndimakuchitirani nsanje, ndikuvomera, tsiku lija ankamenya zitseko ine mutu unandipweteka. Koma kupha apilo ya munthu? Ndili ndi yanga inenso!"

"Riboni ndi yako. Mawuwa ali pakati pa pempho lako, lomwe laduka pakati pa chiganizo. Unapita kuti?"

Skeet anagwira mutu. "Loweruka... Loweruka... Alendo! Anandiitana pa chimkuzamawu, mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Memphis, koyamba pa zaka zinayi. Ndinathamanga osavala ndi jekete lomwe. Kafunseni ku chipinda cha alendo, ndinakhalako maola awiri. Riboni ndinaisiya m'makina. Ine, Cleophus Maddox, kusiya riboni m'makina! Musauze munthu."

"Unasiya ndani muno?"

"Munalibe munthu."

"Ganiza bwino."

"Ndikuti munalibe munthu! Munali Madala Virgil okha, aja a m'selo ya Osvaldo."

Jaji anachotsa magalasi.

"Osvaldo anali kuchipatala, ndiye panalibe wowakankha pa chikuku chawo," anapitiriza Skeet. "Anandipempha kuti ndiwabweretse kuno, ati kuselo kukuzizira. Ndinawaimika pafupi ndi tebulo lanu, pomwe pali paipi yotentha. Koma mkulu, amene aja saona. Simungawawerengere."

Jaji anatulutsa kope la kalata ija m'thumba n'kuliyang'ananso, tsopano osati mawu ake koma maonekedwe. Panalibe chilembo cholakwika ngakhale chimodzi. Koma mizere yonse inali yopendekera kumanja, ndipo mzere womaliza unakwera pamwamba pa siginecha. Wotaipayo anali katswiri amene sankaona kuti pepala lalowa mokhota.

"Skeet," anatero, "pakamwa pakopo utseke mpaka mawa."

Onse awiri ankadziwa kuti wapempha chinthu chosatheka.

*

Usiku umenewo sanagone, ndipo Lachinayi m'mawa wonse anali pa makina. Anataipa zikalata ziwiri za malumbiro. Choyamba chinali chake, chovomera kuti anasainitsa munthu mapepala opanda kanthu. Ankadziwa kuti chikangofika ku khoti, ntchito ya m'laibulale yamuthera. Anachisaina msanga asanayambe kudzimvera chisoni. Chachiwiri anachipinda n'kuika m'thumba la malaya.

Hafu fili, Osvaldo akadali ku ntchito yake ya kochapira zovala, Jaji analowa m'selo nambala 114. A Virgil Haskett anali pa chikuku chawo, bulangete pa maondo, nkhope italoza ku kazenera. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, chilango cha moyo wonse, ndi matenda a shuga omwe anali atawadya maso ndi zala zitatu za kuphazi. Anakhala selo imodzi ndi Osvaldo zaka zisanu ndi zinayi.

"Mayendedwe amenewo ndi a Jaji," anatero akumwetulira. "Mumakoka mwendo wamanzere. Khalani pa bedi la mnyamatayo, sakwiya. Khofi ndilibe, mundikhululukire."

"Madala, ku usilikali wa pamadzi munkagwira ntchito yanji?"

"Ukalaliki. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutaipa malipoti a akuluakulu. Nyanja ndinkangoionera pa zenera." Anatembenuzira nkhope kwa Jaji. "Mwafunsa ngati munthu wodziwa kale yankho."

"Pepala munalipeza bwanji?"

Mkuluyo anasisita bulangete ndi zikhatho zonse ziwiri. Sanakane, ndipo zimenezo zinamupweteka Jaji kuposa bodza.

"Munalankhula nokha, muno momwe, tsiku lomusainitsa. Munati mwapinda ngodya kuti asasokonekere ndi ena, ndipo mukawasunga m'kabati ya pansi pa tebulo lanu. Anthu mumalankhula pamaso pa wakhungu ngati pamaso pa mpando. Nambala ya mlandu ndiye musafunse, mnyamatayo amaitchula tsiku lililonse ngati pemphero. Envelopu ndinataipa pa makina omwewo. Bokosi la makalata lili pa khomo la kumabafa, ndimalipeza ndi dzanja."

"Chifukwa chiyani?"

"Masiku naini aja ali kuchipatala, mukudziwa amene anabwera kudzandiona? Palibe. Sindikudandaula, aliyense ali ndi katundu wake. Tsiku lachiwiri ndinagwa apa, pakati pa bedi ndi chimbudzi. Ndinagona pansi mpaka nthawi yowerenga anthu. Ndili pansipo ndinayamba kuganiza: awa ndi masiku naini chabe. Akawina apilo amutenga kupita ku khoti la kwawo, ndipo kaya amasulidwe kaya ayi, selo ino sabwereramo. Adzandipatsa wina woti azindibera mankhwala." Mawu anayamba kusweka. "Mnyamatayo amandisambitsa, Jaji. Amandidula zikhadabo. Ana anga enieni sanandilembere kalata chilowereni muno. Ndinachita mantha. Ndilibe chifukwa china chokongola choti ndikupatseni."

"Osvaldo ali ndi ana aakazi awiri amene akukula osamudziwa."

"Ndikuwadziwa mayina, ndi masiku awo obadwa. Nditangoponya envelopu ija ndinalowetsa dzanja kuti ndiitulutse. Kukamwa kwa bokosilo n'kopapatiza."

Jaji anali atabwera ndi ukali wokwana kugwetsa khoma, koma unamuthera m'manja. Anatulutsa chikalata chija.

"Ndalemba zonse monga zinachitikira. Mukasaina, khoti likhoza kuibwezeretsa apilo. Mukakana, yafa mawa hafu seveni. Koma ndisakunamizeni, Madala. Skeet akudziwa, ndiye pofika mawa masana adziwa onse. Muno simungakhalenso. Muyenera kukadzipereka kwa akuluakulu kuti akutsekereni kwanokha, kenako adzakutumizani ku ndende ya odwala."

"Kumene anthu amapita kukafa."

"Inde."

"Ndiye ndikasaina ndamutaya, ndikapanda kusaina ndamupha." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiwerengereni. Sindisaina chinthu chomwe sindinamve. Si ine Osvaldo."

Jaji anawerenga. Atafika pa mzere womaliza anamva kuti kuwala kwa pakhomo kwachepa. Anatembenuka. Osvaldo anali ataima pamenepo, m'manja muli matawulo awiri opinda bwino ndi lalanje lomwe anabisa kuchokera ku chakudya cha masana. Nkhope yake inkaonetsa kuti wafika kalekale.

Jaji anaimirira pakati pa awiriwo. Osvaldo anamukankhira pambali ndi dzanja limodzi, mosavuta ngati akutsekula katani.

"Mwana wanga," anatero a Virgil, atamva fungo la sopo wa kochapira.

"Musanditchule choncho."

Anaika matawulo pa bedi, lalanje pamwamba pake. Anatenga chikalata m'manja mwa Jaji, nachiyala pa buku, nachiika pa maondo a mkuluyo. A Virgil anagwira cholembera, koma dzanja linkangoyendayenda pa pepala, kufunafuna malo. Osvaldo analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako analigwira pa mfundo, monga ankachitira powabaya chala kuyeza shuga, naliika pa mzere.

"Apa."

Cholembera chinalira pa pepala.

"Mukanandiuza kuti mukuopa," anatero Osvaldo.

"Ukanakhala?"

"Ayi. Ndikanapitabe. Koma ndikanakupezerani munthu. Ndinali nditayamba kale kufunsa."

Kunja msilikali anafuula kuti aliyense kuselo kwake, nthawi yowerenga yakwana, ndipo Jaji anatuluka chikalata chili pamtima, akuthokoza kuti sakhala nawo m'chipindamo chitseko chikatsekedwa.

*

Lachisanu, Mayi Dunleavy analandira envelopu m'manja mwa Osvaldo, nayang'ana chiphaso chake, nalemba m'buku: 7:12. Anatembenuza bukulo kuti Jaji aone, chinthu chomwe sanachitirepo munthu.

Kuchokera pa zenera Osvaldo sanapite ku ntchito. Anabwerera kuselo, natulutsa chikuku, nachikankha kudutsa bwalo lonse anthu akuyang'ana. Anyamata a ku Texas anali ataima pa khomo la kodyera, ndipo mmodzi anayamba kuyenda kubwera. Osvaldo anangomuyang'ana, mnyamatayo n'kubwerera. Njira yonse sanalankhule ndi mkuluyo ngakhale liwu limodzi. Jaji ankatsatira m'mbuyo atanyamula kathumba ka zovala.

Pa khomo la ofesi ya akuluakulu msilikali wachinyamata anagwira zogwirira za chikuku. Osvaldo sanazisiye.

"Phazi lamanzere lili ndi chilonda pansi pa chidendene," anatero. "Muziliona madzulo aliwonse. Iwo sakuuzani, samva kupweteka. Akayamba kuseka popanda chifukwa ndiye kuti shuga watsika, muwapatse chotsekemera msanga."

"Chabwino, a kuchipatala aona."

"Simunalembe."

"Ndamva, Tejeda. Siya chikuku."

"Lamanzere," anatero Osvaldo. "Pansi pa chidendene."

Anachotsa manja. Chitseko chitatsekeka anaimabe pomwepo, zikhatho zili zotambasula, mpaka Jaji anamugwira pa phewa n'kumukumbutsa kuti akachedwa ku ntchito amulemba mlandu, ndipo munthu amene apilo yake ili m'njira safunika mlandu wina.